Ndithandizeni, penti wa galimoto yanga yatsopano wayamba kuonongeka

Moni nonse a m'gulu lino. Mwezi watha ndinagula Toyota Corolla Cross yakuda, yatsopano. Ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo fumbi la Okutobala uno silikuipatsa mpata. Chinanso, ndimaiimika pansi pa mtengo wa mango, ndiye utomoni ndi zitosi za mbalame zasiya timadontho pa boneti.

Nditatsuka ndi sopo wa ufa, penti anangofwifwa. Kotsukitsa magalimoto anyamata anaipukuta ndi sanza youma, pano ikakhala padzuwa pakuoneka timizere. Madzi athu ndi a pamjigo, akauma amasiyanso mawanga oyera.

Kodi ndigule shampu ndi polishi wanji? Nanga ceramic coating ija, mankhwala opaka pamwamba pa penti omwe amauma n'kukhala ngati chikuto, imatetezadi, ndipo imakhalitsa bwanji? Zikundiwawa kwambiri abale, poti ngongole yake sindinamalize n'komwe.