Kodi ndi kulakwa kufotokozera ana m'Chisena pophunzitsa Chingerezi?

Aphunzitsi anzanga ndi makolo a pa gulu lino, ndikupempha nzeru. Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina m'boma la Nsanje, kumene ana ambiri amalankhula Chisena kunyumba, kotero kuti akafika m'kalasi amasenza Chichewa cha m'mabuku ndi Chingerezi pa nthawi imodzi.

Ku koleji tinaphunzira maganizo a B. F. Skinner akuti chilankhulo ndi chizolowezi chimene chimakhazikika mwana akamabwereza ndi kuyamikiridwa, ndipo ngakhale Noam Chomsky anawatsutsa mu 1959 ponena kuti mwana amapanga ziganizo zimene sanazimvepo, maganizo a Skinner ndiwo akulamulirabe makalasi athu. Ndikanena chiganizo cha Chingerezi, kalasi yonse imabwereza mokweza, mpaka wodutsa pa msewu angaganize kuti zinthu zikuyenda. Koma ndikaloza mwana mmodzi n'kusintha funso pang'ono, amangozyolika n'kumajambula pansi ndi chala. Mwana yemweyo ndikamufunsa m'Chisena za nsomba za mu Shire kapena mmene amakololera mapira, amalongosola mwatsatanetsatane, osapuma.

Mtima wanga ukutsamira kwa Stephen Krashen, amene anaphunzitsa kuti munthu amatola chilankhulo akamamva zinthu zomwe akuzimvetsa, zongopitirira pang'ono zimene akudziwa kale, ndiponso kuti mantha amatseka mutu. Jim Cummins naye anasonyeza kuti luso la kuwerenga limene mwana wapeza m'chilankhulo chake limamuthandiza m'chilankhulo chachiwiri, komanso kuti chilankhulo chochezera chimagwidwa m'zaka ziwiri pamene cha maphunziro chimatenga zaka 5 mpaka 7. Tisaiwale kuti iye ankanena za ana a ku Canada amene amamva Chingerezi paliponse, pomwe athu amachimva kwa ine ndekha.

Chondimanga manja ndi ichi. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalola kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo za m'dera lawo, koma lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira, ndipo mabuku a National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsa ana kuwerenga imene inayamba mu 2016, ali m'Chichewa ndi m'Chingerezi basi. Kodi ndikamafotokoza tanthauzo m'Chisena ndisanabwerere ku Chingerezi, ndikuthandiza ana kapena ndikuwachedwetsa? Nanga inu a ku Chikwawa, Ngabu ndi Bangula mumatani?

Yankho loyamba:
Amayi, ine ndinapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo ndikupemphani kuti musataye kubwereza. Kalasi yodzaza, yopanda mabuku okwanira, siingapatse mwana aliyense mpata wolankhula, choncho kubwerezako ndiko kumamasula lilime ndi kuzoloweretsa khutu. Vuto limabwera ana akamabwereza chinthu chimene sakuchidziwa. Bwerani ndi lichero, dengu kapena khasu m'kalasi, muchite zimene mukunenazo ana akuona, kenako abwereze. Chisena mungachigwiritse ntchito, koma mukamamasulira chiganizo chilichonse ana amaleka kumvetsera Chingerezi chifukwa amadziwa kuti kumasulira kukubwera.

Yankho lachiwiri:
Ndikugwirizana ndi achikulire ayankha pamwambapa, koma ndionjezepo maganizo a Lev Vygotsky akuti mwana amaphunzira bwino chinthu chimene sangachite yekha koma angachite mothandizidwa ndi wodziwa. Njira ya m'mabuku athu, yoti mphunzitsi ayambe yekha, kenako achite pamodzi ndi ophunzira, pomaliza ophunzira achite okha, ikuyenda m'mzere womwewo, kungoti ambiri timathamangira gawo lomalizalo nthawi ikatha. Ikani ana awiriawiri, wodziwako Chichewa ndi wongodziwa Chisena, akambirane kaye m'chilankhulo chomwe akufuna, koma yankho lopereka ku kalasi likhale m'Chingerezi. Mukambiranenso ndi a hedi ndi a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale) asanabwere kudzaonerera phunziro lanu, kuti adziwe kuti mukuchita dala.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Za kukhala awiriawiri ndiyesa sabata ikubwerayi. Chatsala ndi chimene bambo mwatchula m'yankho loyamba: ndidzadziwa bwanji kuti Chisena chachuluka ndipo ana ayamba kungodikira kumasulira? Ngati alipo amene anapeza chizindikiro chake m'kalasi ya ana aang'ono, chonde atiuze.