Matumbo a mwana alowana: kodi palibe njira ina kupatula opaleshoni?

Make Tadala: Mwana wanga wa miyezi 8 anayamba usiku kulira modzidzimuka, akupindira miyendo pamimba, kenako zii ngati palibe vuto. M'mawa wasanza, chimbudzi chatuluka chamagazi chonanda. Atamuunika pa sikani, adokotala ati thumbo lina lalowa m'kati mwa linzake, akuti intussusception. Mtima wanga uli m'malere. Kodi amung'amba basi?

Nesi wa ana: Pepani mayi, mwachita bwino kuthamanga. Nthawi zambiri sang'amba. Amayamba ndi dilipi, kenako amalowetsa kachubu kumatako n'kupopa mpweya kapena madzi amchere pang'onopang'ono, akuyang'ana pa X-ray kapena sikani. Mphamvu yakeyo imakankha thumbo lolowalo kubwerera m'malo mwake. Ana ambiri amachira ndi njira imeneyi. Koma thumbo likabooka, mimba ikatupa n'kuuma, kapena mwana akafooka kwambiri, opaleshoni sizembeka, chifukwa thumbo lofinyika limasowa magazi n'kufa.

Bambo a Yamikani: Wathu anamupopa mpweya ali ndi chaka chimodzi. Ndinaima pakhomo miyendo ikunjenjemera, koma sizinatenge ola. Anatigoneka kuti amuone, poti vutoli limatha kubwereranso, makamaka masiku awiri oyambirira. Akayambiranso kulira kotero mubwerere msanga.

Nesi wa ana: Ndiwonjezere: musayese kumupopa nokha kunyumba kapena kumumwetsa mankhwala otsegula m'mimba. Ndipo pakadali pano musamuyamwitse mpaka adokotala atalola.

Make Tadala: Zikomo kwambiri. Amuika dilipi tsopano, akuti tilowa posachedwa.