Ndithandizeni: zakudya, zovala ndi khungu langa kuno ku Japan

Membala wobisa dzina:

Mwaswera bwanji nonse mu gulu muno. Ma admin chonde ndibisireni dzina. Ndine mtsikana, ndinabwera ku Nagoya mu October kudzapanga masters pa sikolashipu ya boma la Japan ya MEXT, nde ndikupempha nzeru kwa amene munakhalako kuno kapena muliko panopa. Sukulu ikuyenda bwino, vuto langa ndi zinthu zoti anthu ena angaone ngati zazing'ono koma ineyo zikundisowetsa tulo.

Sabata ya mawa ku labu kwathu kuli bonenkai, phwando lotsekera chaka, aliyense akusonkha 4,000 yen ndipo tikupita ku izakaya, malo odyera ndi kumwera mowa, ndi a pulofesa omwe. Kenako pa New Year banja lina lachi Japan, mayi ake a mnzanga wa mu labu, andiitana kuti ndikagone kwao masiku a chikondwererowo. Anthuwa ndi abwino mtima kwambiri nde sindikufuna kuwakhumudwitsa, koma nsomba yaiwisi ine ikundikanika, ndikangoona sashimi pa mbale khosi limatsekeka, natto nayo, soya wowoletsa uja, fungo lake sindinalizolowere. Ramen, karaage, tebasaki ndi miso katsu ndimadya bwinobwino. Kodi kukana chakudya pa maso pa mkulu ngati a pulofesa si mwano? Mowa sindimwanso.

Za kuvala nazo. Atsikana a kuno amavala mitundu yofatsa, yakuda, yotuwa, ya khaki, zotaya mpaka ku akakolo, nde ine ndikavala diresi yanga ya chitenje imene anandisokera atelala ku Zomba sitima yonse imandiyang'ana. Ma jinzi a mma shopu salowa m'chiuno, nsapato za akazi zambiri zimathera pa 24.5 cm pomwe ine ndimavala 26.

Koma chondiwawa kwenikweni ndi khungu ndi tsitsi. Chiyambireni kuzizira ndatuwa thupi lonse, milomo ikung'aluka, tsitsi likuduka m'mbalimu. Ndikalowa mu drugstore faundeshoni yonse ndi ya anthu oyera, ndipo mabotolo ambiri alemba kuti bihaku, mnzanga anandiuza kuti ndi oyeretsa khungu nde ndikuopa kugula olo loshoni wamba kuopa kuti ndingadziyeretse khungu osadziwa. Ine khungu langa ndimalikonda mmene liliri. Nditani abale anga?

Mchemwali wa ku Tsukuba:

Asisi takulandirani, zonse mwalembazi tinadutsamo musadandaule. Ku bonenkai zakudya zimabwera mbale zambiri zogawana pakati pa tebulo, palibe amene amawerenga kuti mwatenga chani, inu muzingotenga nkhuku, edamame, saladi, nabe, mphika wa msuzi wa nyama ndi masamba, ikabwera yotentha idyani. Wina akakupatsirani sashimi mungonena mofatsa kuti nama wa chotto nigate desu, kutanthauza kuti zaiwisi zimandivuta pang'ono, amamva ndipo sakakamiza, a Japan eniake alipo ambiri osadya natto makamaka cha ku Kansai. Za mowa itanitsani oolong tea, chachikulu musayambe kumwa asananene kanpai, cheers yawo, ndipo mukaona tambula ya a pulofesa yatsika muwathirireko ndi manja awiri. Ulemu umene anakuphunzitsani kunyumba ukugwira ntchito komweko.

Bambo wa ku Hamamatsu:

Mlongo wanga muli pabwino kwambiri inu, ku Aichi, chigawo chimene muli Nagoya, ndi ku Shizuoka kuli anthu a ku Brazil ambiri amene amagwira ntchito mma fakitale a magalimoto nde ma shopu awo amagulitsa ufa wa chimanga, funsani fubá. Ndi wachikasu koma nsima imaphikika ndithu. Nyemba zouma nazo ziliko zotchipa kusiyana ndi mu supa wamba. Ndiwo zake mu supa iliyonse muli niboshi, tinsomba touma timene iwo amapangira msuzi, inu mukazinge ndi tomato ndi anyezi mudzandiuza. Masamba gulani komatsuna, nthawi yotentha kumabwera moroheiya amene ndi denje weniweni uja, okura nayenso ndi therere lomwe lija. Nkhuku ya 2kg yozizira mugule ku Gyomu Super. Mpunga unakwera mtengo kuyambira 2024 mpaka mu 2025 5kg inadutsa 4,000 yen, nde nsima ikupulumutsani ndi ku thumba komwe. Ndipo muzipita ku supa usiku atatsala pang'ono kutseka, amamata ma sitika a hangaku, theka la mtengo.

Mayi a ku Area 25:

Mwana wanga ine ku Japan sindinapiteko koma ndamva chisoni ndi nkhani ya khunguyo. Usasiye Vaseline, udzole ukangotuluka mosamba thupi likadali lonyowa osati litauma. Ndipo chitenje chako usachichite manyazi, akakuyang'ana akuona chinthu chokongola. Ukapita kwa mayi akuitanawo usapite chimanjamanja, ndipo m'mawa udzuke uwathandize ku khitchini olo akane.

Mchemwali wa ku Osaka:

Ndiyankhe za bihaku chifukwa ndi zimene zinandivutitsa ine nanenso. Zambiri zolembedwa choncho mu drugstore si bleach ngati mafuta aja amagulitsa mobisa mu msika kwathu, zimakhala ndi vitamin C kapena tranexamic acid kapena arbutin, cholinga chake kuletsa mabanga a dzuwa. Komabe ine sindigwiritsa ntchito ndipo inunso ngati mtima sukufuna musagule, mu 2013 Kanebo inachotsa pa msika mafuta ake oyeretsa atapangitsa anthu masauzande kutuluka zigamba zoyera pa nkhope ndi m'khosi, nde mantha anuwo ali ndi pogwira. Jambulani botolo ndi Google Translate, mukaona zilembo za bihaku bwezani pa shelefu, muyang'ane zolembedwa hoshitsu, zimenezo ndi zofewetsa khungu basi. Hada Labo Gokujyun ya botolo loyera ndi hyaluronic acid, ilibe zoyeretsa, muyambe kupaka imeneyo kenako Nivea wa chitini chabuluu pamwamba. Dziwaninso kuti chimene kuno amati lotion ndi chamadzimadzi, chokhacho sichikwana pa khungu lathu, pamafunika kirimu pamwamba.

Chinanso eyakoni mukayatsa kutenthetsa chipinda imaumitsa mpweya koopsa, gulani ka humidifier ku Off House, shopu ya katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, kapena muziyanika thaulo lonyowa m'chipinda usiku. Madzi osamba asatenthe kwambiri. Khungu likayamba kuyabwa ndi kung'ambika pitani ku hifuka, kiliniki ya khungu, ndi inshuwalansi ya boma ija munalembetsa ku ward office mumangolipira 30%, osazunzika nazo ayi.

Faundeshoni iwalani za drugstore, pitani ku Takashimaya pa Nagoya Station kapena Matsuzakaya ku Sakae mufunse pa kauntala ya MAC kapena NARS, nthawi zina mtundu wathu sauika poonekera nde mufunse, ukasowa muitanitse pa intaneti. Ndi yodula inde koma botolo limodzi limakhalitsa. Mascara ndi eyeliner za mu drugstore zokha ndi zabwino zedi sizisungunuka olo mutuluke thukuta la mu August, ndipo ma sunscreen awo ngati Biore UV sasiya zoyera pa nkhope yakuda.

Mnyamata wina:

Koma bwanji osangovala ngati eni dziko nkhani ithe? Mukapita kwa eni mumatsata za eni. Chitenje mudzavala mukabwera.

Mchemwali wa ku Tsukuba:

Achimwene sizili choncho ayi. Pali malo ofunika kutsata, ku intaviyu ya ntchito aliyense amavala suti yakuda, ku maliro zakuda, pamenepo palibe zokambirana. Koma ku phwando la labu kapena kunyumba kwa mnzako palibe lamulo limenelo. Ine pa graduation mu March anzanga anavala hakama, chovala chachikhalidwe chawo, ine ndinavala chitenje ndi duku ndipo amayi a anzangawo ndi amene amabwera kudzagwira nsalu kufunsa kuti anasoka ndani. Musaiwale Malawi ndi dziko limene lalandira ma volontiya a JICA ambiri kuyambira 1971, mumatha kukumana ndi munthu wachi Japan akukupatsani moni wa muli bwanji ali ndi chikwama cha chitenje. Asisi valani siketi ya chitenjeyo ndi juzi yakuda pamwamba, chovala chotenthetsa cha Heattech cha ku Uniqlo mkati, mutha bwino. Zimene muyenera kusamala ndi pafyumu, kuno fungo lamphamvu pa chakudya salikonda olo pang'ono, komanso masokosi akhale abwino opanda chibowo chifukwa ma izakaya ena ndi nyumba zonse mumavula nsapato pakhomo.

Mchemwali wa ku Osaka:

Zoona. Za masaizi Uniqlo ndi GU pa intaneti amafika mpaka 3XL kapena kuposa, mu shopu saika onse. Nsapato za 26 gulani ma sinika ku mbali ya amuna ku ABC-Mart. Ndipo pitani ku Osu mu Nagoya momwemo, kuli kaunjika wambiri wochokera ku America amene amalowa matupi athu, 2nd Street nayonso mupeza jekete yotentha motchipa. Tsitsi lokha ndi nkhani, ma saluni wamba salidziwa nde musalole kuti ayesere pa inu. Oluka alipo ku Tokyo cha ku Roppongi ndi kufupi ndi ma base a asilikali a America ngati Yokosuka koma mitengo ndi yowawa, ambirife timalukana tokha. Funsani atsikana a ku Kenya, Ghana, Nigeria pa yunivesite panu, simulephera kupeza mmodzi wodziwa. Asakoke kwambiri m'mbalimo poti mukuduka kale, shea butter muitanitse pa iHerb, ndipo chipewa cha ulusi musavale pa tsitsi penipeni, muyambe mwamanga kansalu ka satini.

Bambo wa ku Hamamatsu:

Ndiwonjezere, akunyumba akafuna kukutumizirani phukusi asaikemo nyama ya mtundu uliwonse olo yowamba, soseji kapena biltong, lamulo la kuno ndi lolimba chindapusa chimafika 3 million yen. Ndipo pa New Year akupatsani mochi, chakudya chomata cha mpunga wosinja, mudule ting'onoting'ono ndi kutafuna bwino, chaka chilichonse anthu amatsamwa nayo.

Membala wobisa dzina:

Zikomo kwambiri nonse, mtima wakhala pansi. Hada Labo ndi Nivea ndikagula lero pochoka ku labu, Loweruka ndipita ku Osu ndikafunefunenso fubá. Mayi a ku Area 25 ndamva, sindipita chimanjamanja. Ndili ndi paketi ya Mzuzu Coffee yosatsegula ndi chitenje chimodzi chatsopano, kodi kwa mayi wachikulire wachi Japan chabwino ndi chiti, kapena ndipereke zonse? Komanso osechi imene amadya pa 1 January muli zaiwisi zambiri?

Mchemwali wa ku Tsukuba:

Khofiyo mupereke mukangofika, mumukulunge bwino ndipo mupereke ndi manja awiri, chitenje musunge mudzawapatse tsiku lotsanzika. Osechi yambiri ndi yophika, muli nyemba zakuda zotsekemera, mazira okulunga, mbatata yoponda ndi ma chestnut, ma prawns ophika, ndi tazukuri tinsomba touma ta shuga. Mabanja ena amawonjezera sashimi pambali nde muuzeni mnzanuyo panopa kuti awadziwitse mayi akewo asanagule zinthu, kuno amakonda kudziwiratu.