Chitoliro chokhota chija cha mu Requiem ya Mozart ndi chani?

Mnyamata_wa_Chibavi:
Abale ndithandizeni. Ine ndimaimba klarineti kutchalitchi konkuno ku Mzuzu, ndiye dzulo usiku ndimaonera okestra pa YouTube ikuimba Requiem ya Mozart, nyimbo ya misa ya maliro ija, koyambirira kwenikweni kunamveka mawu ena ake ozizira bwino, achisoni, ngati munthu akulira chamumtima pamaliro, ndinabwereza mpaka bandulo kutha. Anthu awiri anagwira zinthu ngati klarineti koma zazitali, khosi lachitsulo lokhota, kunsi kuli kabelu koloza m'mwamba. Ndi chani chimenechi, nane ndingachithe?

Mphunzitsi_Luwinga:
Imeneyo ndi basset horn achimwene. Dzinalo lisakusocheretseni, si lipenga ayi, ndi m'bale wake wa klarineti yanuyo, nayo imalira ndi reed imodzi, kabango kopyapyala ka pakamwa kaja. Inayambira ku Passau ku Germany cha m'ma 1770. Ili mu kiyi ya F ndipo imatsika mpaka C wapansi pomwe yanu imathera pa E. Mozart ankaikonda zedi, mu Requiem ya 1791 sanaikemo flute kapena oboe olo imodzi, anaika ma basset horn awiri ndi ma bassoon awiri, n'chifukwa chake mawu ake ndi akuya chonchija. Kenako inangoiwalika zaka zambiri mpaka Richard Strauss anadzaibweza mu sewero lake loimba la Elektra mu 1909.

Anaphiri_Katoto:
Mungathe bambo, zala ndi zomwezo, chovuta ndi chala chachikulu cha kumanja chifukwa manotsi apansi aja ali ndi makiyi ake pamenepo. Ine ndinaigwirako kamodzi ndili kusukulu kunja, mpweya imafuna wambiri koma wofatsa, mukaiuzira mwamphamvu ngati pa bandi ya ukwati imangolira fyii. Komanso mu okestra mumakhala nthawi yaitali osaimba, kumangowerenga ma bar (timagawo ta nyimbo) chamumtima chida chikuzizira m'manja, ndiye mukalowa notsi yoyamba iyenera kutuluka yoyera.

Mnyamata_wa_Chibavi:
Zikomo amayi. Nanga ingapezeke kuti?

Anaphiri_Katoto:
Ndi yodula kwambiri, amapanga ndi a Buffet Crampon ndi a Selmer ku France, ngakhale oimba a kunjako ambiri amachita kubwereka. Yambani mwafufuza alto clarinet, ena amagwiritsa ntchito imeneyo ikasowa. Chimene chimandikhudza ine ndi mtengo umene amaipangira, wakuda uja ndi phingo, yemweyu amasemera ziboliboli kuno kwathu ndi ku Tanzania. Mukadzaipeza muziyamba mwaifunditsa m'khwapa m'mawa wa June, kuzizira kwa kuno mukangouziramo mpweya wotentha imang'aluka.