Wosewera mmodzi akafuna kukhala mwana wa mfumu, anzake asasanduke bwanji onyamula katundu?

Kadzidzi

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumatsogolera masewera a patebulo, makamaka Dungeons & Dragons (D&D) ya 2014, ngakhale nzeru zochokera ku masewera ena ndizilandiranso. Pagulu la osewera anayi, mmodzi wasankha mbiri ya Noble, ndipo akufuna kuti mtengambali wake akhale mwana wa mwini dera, wokhala ndi antchito, akavalo ndi dzina lomveka. Wina wasankha Urchin, mwana wokulira mumsewu. Otsalawo ndi msilikali ndi mmisiri wa m'bungwe la amisiri.

Ndikalemekeza udindo wa woyambayo monga mmene anthu a m'dziko la masewerawo angachitire, aliyense azilankhula ndi iye yekha, enawo ali chilili kumbuyo. Ndikaunyalanyaza, mbiri imene wasankhayo ikhala mawu apapepala chabe. Kodi pali njira yoyendetsera zimenezi ndi malamulo omveka, oti osewera onse awadziwiretu?

Mlembi

A Kadzidzi, yambani mwawerenga zimene lamulo lapereka kale, chifukwa mantha ambiri amachokera pa zinthu zimene m'malamulomo mulibe. Noble amayamba ndi ndalama zagolide 25, zovala zapamwamba, mphete yachidindo ndi chikalata cha mzere wa makolo ake. Urchin amayamba ndi 10, kampeni, mapu a mzinda umene anakuliramo ndi kambewa koweta. Kusiyana kwake ndi ndalama 15 basi, pamene chovala chachitsulo cha thupi lonse chimagulidwa 1,500. Akangotuluka m'phanga loyamba atanyamula chuma, kusiyana kumeneku kwatha. Maluso nawo amalandira awiri awiri: History (kudziwa zakale) ndi Persuasion (kunyengerera) kwa woyambayo, Sleight of Hand (changu cha manja) ndi Stealth (kuzemba) kwa winayo. Akavalo ndi asilikali sizili pamndandandawo, ndiye musazipereke.

Antchito alipo, koma pa mwayi wina wa mbiri yomweyo wotchedwa Retainers, ndipo wosewera amawatenga m'malo mwa mwayi wa Position of Privilege, osati kuwonjezera. Ndi atatu, anthu wamba, samenya nkhondo, salowa m'malo oopsa, ndipo akamazunzidwa kapena kuikidwa pangozi pafupipafupi amachoka. Muuzeni wosewerayo asankhe chimodzi.

Chimene chimasiyanitsa anthu anayiwa ndi khomo limene aliyense amatha kutsegula. Position of Privilege imati wa kubanja lachifumu amalandiridwa pakati pa akuluakulu, anthu wamba amayesetsa kuti asamukhumudwitse, ndipo akhoza kupeza mpata wokaonana ndi mwini dera. Mawu ofunika ndi akuti kukaonana. Kulowa m'nyumba ya mfumu si kupatsidwa zimene wapempha. Urchin ali ndi City Secrets: amadziwa tinjira ta mumzinda, moti iye ndi anzake amayenda liwiro lowirikiza kawiri ngati sali pankhondo. Msilikali amalemekezedwa ndi asilikali a gulu lake lakale ndipo akhoza kubwereka zida wamba kapena akavalo kwa kanthawi. Mmisiri amapatsidwa pogona ndi chakudya ndi a bungwe lake, amene amamuimiranso akaimbidwa mlandu, bola azilipira ndalama zagolide 5 pamwezi.

Tsono ntchito yanu ili pa kagawidwe ka chinsinsi. Tiyerekeze kuti ngolo ya wamalonda yasowa. Kunyumba ya mfumu amve kuti mfumuyo sikufuna kutumiza asilikali, ndipo aone kuti mlangizi wake akusintha nkhani mwachangu dzina la wamalondayo likatchulidwa. Ana a mumsewu akhale amene anaona ngoloyo ikutulukira pachipata cha kumpoto pakati pa usiku, mawilo ake atakulungidwa ndi nsanza kuti asamveke. Kumsasa wa asilikali kukhale dzina la amene analonda chipatacho usiku umenewo. Kwa amisiri kukhale amene anakhoma mabokosi ndi kudziwa zimene zinalongedwamo. Palibe khomo limodzi limene likupereka nkhani yonse. Cholakwika chimene atsogoleri ambiri amachita ndi kuunjika zonse m'bwalo la mfumu, chifukwa munthu mmodzi wolankhula bwino ndi wosavuta kukonzekera kusiyana ndi anthu anayi. Mukatero, mwadzipangira nokha vuto limene mukuliopalo.

Nkhwazi

Ndikugwirizana ndi a Mlembi, koma a Kadzidzi apempha lamulo la manambala, ndiye ndiwapatse. Masewera amene analingalira bwino za nkhaniyi ndi Warhammer Fantasy Roleplay, amene anatuluka koyamba mu 1986. M'kope la 2018 ntchito iliyonse ili ndi gawo lake pa magawo atatu, Brass, Silver ndi Gold, kuphatikizapo nambala yosonyeza pamene munthu waima m'gawo lakelo. Malipiro amatsata zomwezo: wa Brass amaponya 2d10 (madayisi awiri a mbali 10) ya mapeni pa nambala iliyonse, wa Silver 1d10 ya mashereni, wa Gold korona imodzi yagolide. Korona imodzi ndi mashereni 20, kapena mapeni 240. Apa kusiyana ndi kwenikweni. Ndipo ponyengerera munthu, wa gawo lapamwamba amaonjezeredwa 10 pa 100, wa gawo lapansi polankhula ndi wamkulu amachotseredwa 10.

Kuti mubweretse zimenezi mu D&D, kumbukirani kuti nambala imodzi pa dayisi la mbali 20 ndi 5 pa 100. Choncho 10 pa 100 ndi +2 kapena -2. Musagwiritse ntchito advantage (kuponya madayisi awiri n'kutenga lalikulu) pa nkhani ya udindo, ndi yolemera kwambiri. Ngati wosewera akufunika kuponya 11 kapena kuposa, mwayi wake ndi theka. Mukamupatsa madayisi awiri kuti atenge lalikulu, mwayiwo umafika 75 pa 100, ndipo mukamuuza atenge laling'ono umagwa kufika 25. Mukamachita zimenezi pa zokambirana zilizonse, Urchin sadzatsegulanso pakamwa pamaso pa wamkulu.

Lamulo limene ndingakulangizeni ndi ili. Ikani munthu aliyense, wa osewera ndi wa inu, m'gawo limodzi mwa atatu. Popempha chinthu poyera kapena polamula, wapamwamba alandire +2, wapansi -2, ndipo zisapitirire apo ngakhale akusiyana magawo awiri. Koma pofufuza mphekesera, pogula zinthu zakuba, kapena pofuna kuti munthu akuuze zakukhosi, aliyense wa gawo losiyana alandire -2. Wantchito wa kukhitchini adzagwadira mwana wa mfumu, kumupatsa mpando, n'kumuuza zokhazo zimene sizingamuchotsetse ntchito. Zoona zake adzauza mnzake amene akutsuka naye miphika. Ulemu ndi chikhulupiriro ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo lamulo lanu lizisiyanitse.

China, udindo uli ndi malire a malo. M'dera la bambo ake +2 agwire ntchito nthawi zonse. M'dera loyandikana nalo agwire pokhapokha ataonetsa mphete ndi kuvala moyenera. Kutsidya la nyanja, kumene dzina la banjalo silinamvekepo, palibe chimene alandire. M'dera la adani a banja lake dzinalo lisanduke ngozi, chifukwa mwana wa mfumu akagwidwa amawomboledwa ndi ndalama zambiri.

Kuvala moyenerako kuli ndi mtengo wake m'malamulo a 2014 omwewo. Moyo wa Modest ndi ndalama yagolide imodzi patsiku, wa Wealthy ndi 4, wa Aristocratic ndi 10 kapena kuposa. Ndalama 25 zoyamba nazo zija zimatha m'masiku awiri ndi theka. Pamwezi wa masiku 30 akufunika 300, pamene anzake akukhala bwinobwino ndi 30. Akalephera kulipira, +2 uja aime kaye mpaka atabwerera m'maonekedwe ake.

Kadzidzi

Zikomo akuluakulu, izi zikumveka. Nanga pagulu latsopano, si bwino kungoponya madayisi kuti aliyense apeze udindo wake mwamwayi, kuti pasakhale wosankha ufumu yekha?

Gologolo

Zimatheka, koma muone kaye mmene masewera amene amachita zimenezo anamangidwira. Mu Traveller ya 1977, Social Standing (udindo wa munthu pakati pa anthu) ndi chimodzi mwa zinthu zisanu ndi chimodzi zimene zimaponyeredwa 2d6, pamodzi ndi mphamvu, changu, kupirira, nzeru ndi maphunziro. Wopeza 11 ndi knight, 12 ndi baron, ndipo mndandanda umakwera mpaka 15, amene ndi duke. Pa njira 36 zimene madayisi awiri angagwere, zitatu zokha ndi zimene zimapereka 11 kapena 12, ndiye kuti mtengambali mmodzi pa 12 aliwonse. Kumeneko zimayenda chifukwa pambuyo pa kuponyako pamabwera zaka za ntchito, m'zigawo za zaka zinayi zinayi, zimene zimapereka maluso, maudindo ndi ndalama. Wobadwa wapansi akhoza kutuluka ali mkulu wa sitima, wobadwa wapamwamba n'kutuluka ali ndi luso limodzi. Mu D&D mulibe makwerero oterowo. Mukaponya kamodzi n'kusiya pomwepo, wina adzanyamula nambala yoipa chaka chathunthu popanda chimene analakwa.

Njira ina ndi yogula, monga m'masewera a GURPS. Status (udindo) imagulidwa ndi mapointi 5 pa sitepe iliyonse, ndipo chuma chimagulidwa pachokha: Comfortable ndi mapointi 10, Wealthy 20, Filthy Rich 50, pamene Poor imakubwezera 15. Amene wawononga mapointi 40 pa dzina ndi chuma ndiye kuti sanawaike pa lupanga, ndipo patebulo palibe wodandaula. Chimene ndimakonda apa ndi kulekanitsa dzina ndi thumba. Call of Cthulhu, masewera enanso, imaziphatikiza mu nambala imodzi ya Credit Rating, kuyambira 0 mpaka 99, pomwe 10 mpaka 49 ndi munthu wamba ndipo 50 mpaka 89 ndi wolemera. Pa nkhani za ku America m'zaka za m'ma 1920 zimakwanira, chifukwa kumeneko ndalama ndi zimene zimatsegula makomo ambiri. M'dziko la mafumu ndi malupanga sizikwanira. Atengambali okoma kwambiri amakhala pamene ziwirizi zasemphana: mwana wa banja lakale amene nyumba yawo ikudontha ndipo ngongole zawazinga, kapena wamalonda amene angagule mudzi wonse koma saitanidwa kuphwando la akuluakulu.

Pa mfundo ya a Nkhwazi yolipiritsa 10 patsiku ndili ndi chenjezo. Pa level 1 mpaka 3 ndalama imeneyo ndi chilango, ndipo wosewera adzayamba kupempha gawo lalikulu la chuma cha gulu, mkangano n'kuyambira pamenepo. Ndi bwino kulipiritsa masiku okhawo amene ali mumzinda ndipo akufuna kudziwika. Ali m'tchire amagona pansi ngati wina aliyense.

Mlembi

Chenjezo limenelo n'loona. Ndiwonjeze mbali imene sitinaikhudze, ya zimene udindo umafuna kwa mwini wake. Pendragon ya 1985 inaika zimenezi pakati penipeni pa masewera: mwana amalowa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a Glory (mapointi a kutchuka) ya bambo ake, koma amalowanso ndi mbuye woti azimutumikira ndi adani amene banja linapalana nawo. Ngakhale m'mbiri yeniyeni ya ku England, knight wopatsidwa malo ankayenera kutumikira kunkhondo, mwa mwambo masiku 40 pachaka. Dzina silinali laulere.

Musanayambe kusewera, khalani pansi ndi wosewera aliyense, osati wa Noble yekha, ndipo alembe zinthu zitatu pansi pa mbiri yake: munthu mmodzi amene angamuthandize, munthu mmodzi amene ali ndi mphamvu yomuitana, ndi malo amodzi amene sangaonekeko bwinobwino. Wa Noble, womuitana akhoza kukhala mayi ake kapena mkulu wake. Wa Urchin akhoza kukhala amene ankamudyetsa ali mwana, ndipo tsopano akufuna kubwezeredwa. Kuitanako kubwere kamodzi pa masewero atatu kapena anayi, mosinthana. Kukachuluka, nkhani yonse imasanduka ya banja limodzi ndipo enawo amangoperekeza. Kukasowa, mwayi umatsala wopanda mtengo.

Pa mtengambali wa a Kadzidzi, njira yosavuta ndi kumupanga mwana wachitatu kapena wachinayi. Kumene malo amapita kwa mwana woyamba, wamng'ono amakhala ndi dzina, maphunziro ndi mphete, koma alibe munda kapena asilikali, ndipo chifukwa chake choyendera m'mapanga chikuoneka chokha. Wolowa ufumu weniweni sangaloledwe kukamenyana ndi zilombo pamodzi ndi anthu atatu osadziwika.

Mugwirizanenso poyera kuti udindo sugwira ntchito pa anzake a patebulo. Persuasion siponyedwa pofuna kukakamiza mtengambali wa wosewera wina, ndipo mwana wa mfumu akalamula, enawo ali ndi ufulu wokana. Ngati osewera awiri akufuna kusewera bwana ndi wantchito wake, zichokere kwa onse awiri, ndipo wantchitoyo akhale ndi china chimene bwanayo sangathe popanda iye.

Ngati mudzasamukire ku malamulo a 2024, dziwani kuti mwayi monga Position of Privilege ndi City Secrets mulibemo. Mbiri kumeneko imapereka mapointi atatu owonjezera pa ability scores (manambala a mphamvu, nzeru ndi zina), feat (luso lapadera) imodzi yoyambira, maluso awiri, chida chimodzi, ndi katundu kapena ndalama zagolide 50, mofanana kwa aliyense. Makomo anayi aja mudzayenera kuwalemba nokha papepala la wosewera aliyense, mzere umodzi umodzi, tsiku lomwelo lopanga atengambali.