Tanthauzo la mwambi: "Mtima wa mnzako ndi tsidya lina"

Mdzukulu wa ku Ulongwe:
Akuluakulu, ndithandizeni. Agogo amakonda kunena kuti mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ine ndinkamva ngati akuti za mumtima mwa munthu sizidziwika ndi pang'ono pomwe. Koma dzulo kutabwera alendo ochokera ku Tsangano, agogowo anangofunsa amayi kuti, "Kodi tambala uja akadali m'khola?" Amayi sanayankhe. Ananyamuka, kukateleka madzi, nkhuku n'kuphedwa. Za ndiwo palibe anatchula. Nanga ngati mtima uli tsidya lina, amayi anawoloka bwanji? Zandisowetsa tulo.

Bambo wa ku Furancungo:
Mwanawe, tsidya si kumwamba. Ukaima m'mbali mwa Zambezi mumzinda wa Tete, dera la Matundo tsidya linalo umaliona, utsi ndi nyumba zomwe. Chimene sudziwa n'chimene chili mumphika wa kumeneko. Makolo ankatichenjeza kuti tisamalumbire m'malo mwa mnzathu pa mlandu, ngakhale timadyera naye mbale imodzi.

Mphunzitsi wa ku Domwe:
Bambo mwalasa, koma funso la mwanayu lili pena. Mu 1957 katswiri wina wa ku England, Paul Grice, anasiyanitsa mitundu iwiri ya tanthauzo. Zidzolo pathupi zimasonyeza chikuku, koma sizifuna kuuza munthu kanthu. Wotolera ndalama mu chapa (minibasi) akamenya denga, iye akufuna dalaivala aime, ndiponso akufuna dalaivalayo azindikire kuti wamenya dala. "Dala" ameneyu ndiye mwini nkhani. Amayi ako anadziwa kuti agogo sangafunse za tambala pachabe alendo ali pamphasa, choncho anafunafuna chimene akulinga. Luso limeneli limayamba msanga. Mwana akamayandikira chaka chimodzi amaloza chinthu ndi chala, kenako n'kucheukira mayi ake kuti aone ngati nawonso achiona, mawu asanawadziwe n'komwe. Ine zimenezi zimandigwira mtima nthawi zonse.

Mayi wa ku Zobwe:
Aphunzitsi, musaiwale kuti bwato limagubuduzika. Ine nditangokwatiwa, apongozi anati, "Mtsuko wapepuka lero." Ndinayankha kuti eya, ndi wadothi labwino. Manyazi ake mpaka lero!

Mdzukulu wa ku Ulongwe:
Zikomo nonse. Ndawawerengera agogo mayankho anu. Aseka kwambiri za mtsuko, kenako akuti ndikufunseni amayi a ku Zobwe: madziwo anakatunga ndani tsiku limenelo?