DX517 yafika, ndiilumikize bwanji ku DS920+ osataya mavidiyo a anthu?

wojambula_salima

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanalakwitse. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Salima, kashopu kanga kali cha ku Kamuzu Road. Mavidiyo onse ndimasunga mu Synology DS920+, kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki komwe amati NAS, muli madisiki anayi a 4TB pa SHR (njira ya Synology yophatikizira madisiki kuti imodzi ikafa zinthu zisatayike), ndiye malo enieni ndi pafupifupi 11TB basi. Pano yadzaza mpaka pakamwa, chifukwa ukwati umodzi umandidyera 200GB kapena kuposa. Kufufuta zakale sindingathe. Mwezi wathawu kunabwera mayi wina kudzafuna vidiyo ya ukwati wa mu 2021, poti bambo ake omwe anavina pa tsikulo anatisiya.

Mlamu wanga wa ku Johannesburg wanditumizira DX517, bokosi lowonjezera malo a madisiki, pa basi, ndi madisiki atatu a IronWolf a 8TB. Mtima wanga ukufuna kungowawonjezera pa storage pool yakale, gulu la madisiki anayi aja, kuti zonse zikhale malo amodzi. Kodi pali vuto? Komanso UPS yanga (batire yogwirizira magetsi akathima) ndi ya 650VA, bokosi latsopanoli lingakhale pa soketi ya pakhoma?

wamakompyuta_kk

Achimwene, chonde musatero, zonse ziwirizo. Ine ndili ku Nkhotakota kuno ndipo ndinapsa nazo kale.

DX517 si NAS payokha. Ndi bokosi la malo asanu lomwe limayankhula ndi DS920+ kudzera pa chingwe chimodzi cha eSATA. Mukaphatikiza madisiki anayi a m'kati ndi atatu a kunjawo kukhala pool imodzi, mafayilo ambiri amamwazikana m'mabokosi onse awiri. SHR yanuyo imapirira kufa kwa disiki imodzi yokha. Tsono chingwecho chikasokonekera, kapena bokosi lakunja likazima lokha, makina amaona ngati madisiki atatu afa nthawi imodzi, ndipo pool yonse imagwa, ndi zakale zomwe.

N'zomwe zinandichitikira pa ofesi ina yomwe ndimaisamalira makompyuta. NAS inali pa UPS, bokosi lowonjezera pakhoma, ndendende zimene mukufuna kuchitazi. Magetsi anathima masana, NAS n'kupitiriza kulemba, mnzakeyo ali chete. Nditafika ndinapeza ikulira bii bii, nyali ya STATUS yasanduka ya orenji, pulogalamu yoyang'anira madisiki ya Storage Manager yalemba Crashed mofiira. Mwamwayi itayakanso inalola kuwerenga, koma kulemba ayi. Ndinakhala masiku atatu ndikukopera zinthu ku madisiki obwereka, mtima uli m'mwamba, ndipo mafayilo ena amene ankalembedwa ola limenelo sanatsegukenso.

Chitani chonchi. Zimitsani NAS bwinobwino kudzera mu DSM, pulogalamu yoyendetsa NAS-yo. Lowetsani madisiki m'matireyi, a 3.5 safuna sikuluu, timapulasitiki ta m'mbali timawagwira. Lumikizani chingwe chimene chinabwera ndi bokosilo, osati chogula padera, n'kuchimanga mbali zonse ziwiri. Mukayatsa NAS, DX517 imadzuka nayo limodzi ndipo iwonekera mu Storage Manager. Pamenepo pangani pool yachiwiri, SHR, volume ya Btrfs (mtundu wa kasungidwe ka mafayilo). Atatu a 8TB akupatsani cha m'ma 14TB zogwiritsa ntchito. Ikayamba kufufuza madisiki isiyeni, ikhoza kutha tsiku lathunthu kapena kupitirira. Kenako samutsirani kumeneko maukwati a zaka zakale, ntchito imene mukudula panopa ikhale mu DS920+, poti madisiki onse a m'bokosi lakunja amagawana kachingwe kamodzi kaja.

Za UPS, mabokosi onse awiri alowe pamenepo, 650VA ikwana chifukwa pamodzi safika ndi 100W pomwe akamagwira ntchito. Koma kompyuta yodulira mavidiyo ichoke pa UPS imeneyo. Ndipo lumikizani chingwe cha USB kuchoka pa UPS kupita ku NAS, mutsegule gawo la UPS mu Control Panel, pa Hardware & Power, kuti magetsi akathima makina azisiya okha kulemba batire isanathe.

mayi_wa_ku_sengabay

Bambo a ku Nkhotakota anena zoona. Ine ndingowonjezera za kutentha, poti kunyanja kuno si ku Dedza. Mu Okutobala ndi Novembala madisiki anga ankafika 50°C, bokosi lili mu kabati yotseka. Nditalitulutsa, kuliika pa shelefu, kumbuyo kutalikirane ndi khoma ngati chikhatho chimodzi ndi theka, n'kusintha fani kukhala pa Cool mode, anatsika kufika cha m'ma 40. Musasanjikize mabokosiwo, aikeni moyandikana.

China ndi nkhungu. Tsiku lina zinatera madzulo mawindo ali otsegula, zinathamangira tinyali ta kutsogolo, m'mawa mwake ndinazipeza zitamatirira pa mafani ngati phala. Chiyambire pamenepo mwezi uliwonse ndimazimitsa, kutulutsa madisiki limodzilimodzi, kupukuta ndi kaburashi kofewa, n'kubwezera lililonse pamalo pake. Ndinawalemba manambala ndi maka. Nthawi ya mwera fumbi limachuluka, ndiye ndimapukuta kawiri.

Mu DSM ikani data scrubbing (kufufuza ndi kukonza zolakwika m'zosungidwa) izichitika yokha miyezi itatu iliyonse, S.M.A.R.T. yaifupi yoyeza thanzi la madisiki mwezi ndi mwezi, ndipo notification izibwera pa foni. Mukadzafuna kudzaza malo awiri otsalawo, gulani a 8TB kapena okulirapo, ndipo kalembedwe kake kakhale ka mtundu wa CMR, osati SMR.

wojambula_salima

Zikomo kwambiri nonse, mwandipulumutsa. Pool yachiwiri ndapanga usiku wathawu, pano ikufufuza, yafika 31%. Batire ya UPS ndiyo ndaipeza yotupa, mawa ndikwera minibasi kukagula ina ku Lilongwe. Funso lomaliza: ndikamakopera zofunika kwambiri kuchoka mu DS920+ kupita mu DX517, ndiye kuti backup ndili nayo?

wamakompyuta_kk

Theka lokha, achimwene. Zikuthandizani mukafufuta fayilo mwangozi kapena pool imodzi ikawonongeka. Koma mabokosiwo ali m'chipinda chimodzi, pa waya mmodzi, olumikizana. Mphezi za mu Disembala zikalowa, kapena akuba akathyola chitseko, apita onse. Pezani disiki ya USB yaikulu, muziyendetsa pulogalamu yokopera ya Hyper Backup Lachisanu lililonse, ikamaliza muzipita nayo kunyumba. Ndipo batire yatsopanoyo ikalowa, yesani dala: zulani pulagi ya UPS pakhoma makina asakulemba kanthu, muone ngati mabokosi onse awiri akhalabe oyaka komanso ngati uthenga wafika pa foni yanu.